Nsapato za Pakhomo

"Agogo, m'nyumba muno mumagona ana angati?" anafunsa mtsikana wa kalembera uja, cholembera chili m'manja.

Ana sawerengedwa. Ukatchula nambala, imfa imamva, n'kubwera kudzachotsapo mmodzi. Ndinamuuza zimenezo, n'kumuchenjezanso kuti achoke pawindopo, mphepo ingamulowe m'khutu.

Sanaseke. Anatambasula mapu patebulo, madera atapakidwa mitundu yosiyanasiyana. Anati chiwerengero cha ana amachiphatikiza ndi kutalika kwa ulendo wa kuchipatala, n'kupeza nambala imodzi yoyerekezera dera ndi linzake. Kumene nambalayo yaipa kwambiri ndi kumene amayamba kutumizako namwino.

"Mukabisa ana, agogo, dera lanu lioneka ngati zonse zili bwino."

Ndinaganiza za mdzukulu wanga wodwala chifuwa, ndi maola awiri amene timayenda naye kumsana popita kuchipatala.

"Mwana wanga," ndinatero, "anawo akusewera osavala kumapazi, nsapato za aliyense zili pakhomopo. Nsapato sizifa. Koma pakamwa utseke."

Anagwada pakhomo, chala chikuyenda pa timapatapata, tina toduka zingwe. Milomo yake inayamba kunong'ona manambala.

"Iwe! Ndati chamumtima!"

Analemba mwakachetechete, n'kundionetsa pepalalo ndi manja awiri. Ndinangoona kachizindikiro kopindika ngati mbedza. Sindinadziwe chimene kakunena, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Ndinamutungira madzi akumwa, n'kumuuza amwe pang'onopang'ono, angatsamwe.

Imfa ndimaidziwa bwino, yakhala ikuzungulira pakhomo panga kuyambira ndili mtsikana. Nayonso kusukulu sinapiteko.