Nyani ndi Mwana Paphewa

Padangokhala, kunali funso limene linasowetsa yankho mudzi wonse: pakati pa Nyani ndi Pusi, mayi wodziwa kunyamula mwana ndani?

Mlandu unakathera pamtsinje, tsiku la sikelo. Madzi anali atasefukira, ndipo ulalo wake unali mtengo umodzi woterera. Pusi anayang'ana thovu pansipo. Anakanikiza khanda lake pamimba n'kuyamba kukwawa.

"Taonani umphawi!" anaseka Nyani. "Amake mwana, mukumubisiranji? Kapena alibe chovala?"

"Cholemera chizikhala m'munsi, mayi," anayankha Pusi osacheuka. Mtengo ukagwedera, iye ankangomatirira mpaka anaoloka.

Nyani anali atagulira mwana wake chipewa chofiira, ndipo tsidya linalo kunali amayi ambiri oti achione. Anamukweza mwanayo paphewa, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, chifuwa patsogolo. Anaponda kawiri bwinobwino. Kenaka mwana anasuzumira kuti aone nsomba, ndipo kulemera konse kunapendekera kunja kwa mtengo. Mapazi analibe pothawira. Khuvu!

Pusi analumphira panthambi yolendewera, n'kumuwedza mwanayo pogwira mchira. Nyani anavuuka kumunsi atamwa madzi okwanira sabata.

"Chipewa chija mwachiona?" ndilo linali funso lake loyamba.

Nthano yanga yathera pamenepo. Ndiye inu amalume ake, mawa mukamapita naye mwana wangayu panjinga, chonde mumukhazike pansi agwire m'chiuno mwanu. Musamuimiritse pakaliyala kuti anthu aone nsapato zake.