Diso Lamanzere la Akazi a Wayilesi

Dokotala wa maso adafunsa mayiwo ngati diso limawapweteka, koma amene adayankha ndi amuna awo.

"Limapweteka, adokotala. Kungoti sanena, ngamanyazi awa."

Bambowa anali wometa tsitsi, ndipo makasitomala adawapatsa dzina loti a Wayilesi poti pakamwa pawo padalibe pozimitsira. Munthu ankalowa m'shopu mwawo ndi tsitsi, n'kutuluka ndi mpala komanso makutu olira. Koma tsikuli sadabwere kudzacheza. Mtima wawo unali m'mwamba, chifukwa diso lamanzere la akazi awo linali kufa iwo akuona.

Matendawo ankawadziwa bwino. Akaweruka kuntchito n'kuyamba kufotokoza za tsikulo, mayi ankakhala phee pampando, kenaka chikope chamanzere n'kugwa chokha. Diso lotsalalo nalo linkasochera, m'malo moyang'ana mwamuna wa pakhomo linkakamatirira pakhoma. Kale zinkachitika mwa apo ndi apo. Masiku ano a Wayilesi akangokonza kukhosi, chikope chagwa kale.

Ankachita mantha zenizeni. Bambo awo adamwalira ali osaona chifukwa cha ng'ala, ndipo ankakumbuka momwe mkuluyo ankapapasira zitseko za nyumba yomanga yekha. Kuganiza kuti mkazi amene adakalamba naye adzapapasanso choncho kunkawathetsa njala.

"Mukapeza kuti palibe chochita, mutiuze mosabisa," adatero a Wayilesi. "Ndawalonjeza kale kuti akasiya kuona, ine ndidzakhala maso awo. Ndizidzawafotokozera chilichonse, kuyambira m'mawa mpaka pogona."

Mayi aja adapuma mpweya wautali. A Wayilesi adawasisita paphewa, akumva chisoni kuti matenda awafoola chotere.

Dokotalayo, mayi wamfupi wosakonda zambiri, adazimitsa magetsi n'kuunika m'diso ndi katochi. Mwanadiso adachepa msanga monga zimayenera kukhalira. Adayesa lamanja, chimodzimodzi. Atayatsa magetsi adawalozera chikwangwani cha zilembo, ndipo mayiwo adawerenga ndi diso lodwala lomwelo kuchokera pamwamba mpaka tizilembo tapansi tonga nyerere. Adawonjezanso kuti pakona pa chikwangwanicho pali ntchentche yakufa.

"Akungolimba mtima," adanong'ona a Wayilesi. "Ndi mmene alili."

Dokotala adatenga diso lapulasitiki lalikulu ngati mpira, lotseguka pakati, n'kuliika patebulo. Adati kuwala kumalowa pa kabowo kakuda kapakati, n'kudutsa pa kagalasi kofewa kamene kamakusonkhanitsa. Kagalasiko kakachita mbuu, ndiye ng'ala imeneyo, koma ka mayiwa kanali koyera mbee. Kuwalako kumakagwera pa kachikopa kopyapyala kakumbuyo kwa diso, chithunzi chili chadodolido, ndipo ubongo ndi umene umachitembenuza.

"Ngati galasi la m'shopu mwanga," adalowerera a Wayilesi. "Tsiku lina kudabwera mkulu wina wadazi, ameneyo ndiye..."

"Maso onse awiri ali bwino, bambo. Akuposa anuwo."

A Wayilesi sadakondwe nazo. Adatseka shopu tsiku lathunthu, adavala jekete, ndiye auzidwe kuti palibe kanthu? Adaumirira kuti m'diso limenelo muli pena pake pamene padafa, ndipo ngati makina a m'chipindamo alephera kupapeza, aitane dokotala wamkulu.

"Malo osaona alipo m'diso lililonse," adatero dokotala, akuoneka kuti watopa. Adaloza kachingwe kotuluka kumbuyo kwa diso lapulasitiki lija. "Uwu ndi mtsempha wopita ku ubongo. Pamene ukutulukirapa sipalandira kuwala. Chinthu chikagwera pamenepa chimasowa, ubongo n'kumatapo ndi mtundu wa khoma. Ngakhale inu muli napo."

"Ine? Ine ndimameta m'mbali mwa khutu popanda kudula munthu!"

Dokotala adakaima kukhoma, adagwira cholembera kudzanja lamanja n'kutambasulira mkono pambali. Adauza a Wayilesi kuti atsinzine diso limodzi, linalo lisachoke pa cholemberacho, ndipo anene chimene chichitikire mutu wa dokotalayo.

A Wayilesi adatsinzina lamanja. Mutu wa dokotala udali pomwepo. Adapendeka khosi, adatong'ola diso mpaka misozi, koma mutu osasuntha. Apa mtima udawawa, poganiza kuti dokotala akuwaseweretsa pamene mkazi wawo akulowa mumdima.

"Bodza ili, adokotala. Ndikukuonani bwinobwino, ndi ndolo zomwe."

"Mwatsinzina lolakwika, bambo."

Amene adayankhula ndi akazi awo, koyamba chilowereni m'chipindamo.

"Tsinzinani lamanzere. Eya. Musawayang'ane iwowo, yang'anani cholembera. Tsopano kankhirani mpando m'mbuyo pang'ono. Pang'ononso."

Mutu wa dokotala udazimirira. Padatsala gauni loyera lili chiimire, pamwamba pake khoma lokhalokha. A Wayilesi adakuwa ngati mwana, ndipo adatembenuka kuti afunse akazi awo kumene adaphunzira zimenezi.

"Mutu wa adokotala ndi wosavuta, ngwaung'ono," adatero mayiwo mofatsa, akutola chikwama chawo. "Wanuwo kuti usowe kunyumba kuja, umafuna ndikhale kufupi ndi chitseko. Koma chiyambire kusunga ndevu, chibwano chimatsalira."