Pemphero la Mtende

"Usalowemo, mlongo wako akupemphera," mayi Nyagondwe adanong'oneza mwana wawo Temwa, uku akumukokera kutali.

Pakampata ka chitseko ankamuona Mtende atagwada pambali pa bedi, mutu utazolikira pachifuwa. Chibwerereni ku Mzuzu, komwe ntchito idamuthera chifukwa cha mapiritsi oledzeretsa, mnyamatayu anali asanapondeko kutchalitchi.

Mayiwo adavala yunifolomu ya Umanyano n'kupita kumapemphero a amayi ku Phwezi. "Chiuta wandiyankha," adauza anzawo.

Pobwerako madzulo adamupeza ali chigwadire. Atamugwira paphewa, Mtende adagwera kumbali, kabotolo kopanda kanthu n'kugubuduzikira kunsi kwa bedi.

Adatsitsimukira kuchipatala, koma manja ndi miyendo sizidadzuke naye.

"Mapiritsiwo atha m'thupi," adatero dokotala. "Vuto ndi loti adakomoka khosi litapindika, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Mtsempha waukulu wamumsana udapanikizika mpaka kuwonongeka. Kodi panalibe womuona msanga kuti amugoneke bwino?"

Temwa adayang'ana mayi ake.

Masiku ano abusa akati tipemphere, mpingo wonse umaweramitsa mitu, koma mayi Nyagondwe satsinzinanso. Amayang'ana makosi opindikawo, limodzi ndi limodzi. Pemphero likatalika, dzanja lawo limapita lokha paphewa la amene akhala naye pafupi n'kumugwedeza.

Munthuyo akadzidzimuka, iwo amapumira m'mwamba.

"Pepani chomene, mama," amanong'ona. "Pitirizani."