Kauboyi Kuseri kwa Katani

Kalekeni anatola kamakina koonetsera kanema kamene anakagwetsa, nakapukuta ndi malaya, n'kukayatsa. Zithunzi zinabwera. Kauboyi wa chipewa chachikulu ali pa hatchi, milomo ikugwedera, mfuti ikufuka utsi. Koma mawu, zii.

Anadina mabatani onse. Anakawomba khofi. Zii.

Linali tsiku lake lachinayi pa ntchito yosamalira mayi Margaret, nkhalamba ya zaka 92 ya ku Bethesda, tauni ya kutsidya kwa nyanja. Kauboyiyo anali bambo awo, malemu Hollis Pruett, amene kalekale ankasewera ndi kutsogolera okha mafilimu a mahatchi ndi mfuti. Lamulungu lililonse mayiwo ankaonera kanemayu ndi mwana wawo Morton, loya wosaseka, yemwe anali atachotsa kale antchito awiri. Wachiwiriyo anangoswa kapu basi. Nanga wopha mawu a agogo ake akamutani?

Anaimbira Chomba, mnzake wa ku Lusaka.

"Mudala, longa chabe katundu," anatero Chomba, n'kudula foni.

Koma Kalekeni sanali mlendo pa za mafilimu. Ku Ndirande anatha zaka zisanu ndi ziwiri akuika mawu a Chichewa m'mafilimu a karati, mpaka ana ankakhulupirira kuti ku China amatukwana ngati kwathu. Masiku awiri otsalawo analoweza kanema yense, mayi Margaret akamagona masana.

Lamulungu, Morton atakhazika amayi ake pampando, Kalekeni anazembera kuseri kwa katani pafupi ndi kanema, atanyamula makapu awiri apulasitiki ndi majumbo odzaza mpweya. Hatchi itathamanga, makapu anagunda pansi: kakata kakata! Mfuti itafuka, jumbo linaphulika: phuu! Kauboyi atayasamula, panatuluka Chizungu cha m'mphuno, chonenepa.

Pabalaza palibe anatsokomola. Kalekeni analimba mtima, mpaka analira ngati hatchi, kawiri.

Chizungu chinamuthera pamene mbava zinazungulira sitima.

"Iwe galu iwe!" anakuwa Hollis Pruett. "Tsika pa hatchipo usanaone polekera!"

Katani inatseguka. Morton anaima pamenepo, nkhope ili psuu. Kalekeni anagwada, makapu akadali m'manja.

"Bwana, ndine ndinagwetsa makina. Mawu a agogo anu anafera m'manja mwangamu. Chonde, ntchito yokhayi."

Morton anakoka mpweya kuti ayankhule, koma mayi Margaret anakweza ndodo yawo.

"Mawu ake ati, mwanawe? Mafilimu a 1916 analibe mawu. Anthu atayamba kuika mawu m'mafilimu, bambo anachotsedwa ntchito chifukwa cha chibwibwi." Anapukuta misozi. "Aka n'koyamba kuwamva akuyankhula mpaka kumaliza. Morton, tseka kataniyo. Iwe, tenga makapu ako, mbava zikuthawa!"