Tabitha wa M'nyimbo ya Sitima

Sophia analowa mumsika wa ku Old Town khanda lili kumsana, dengu lili m'manja, koma sanabwere kudzagula kanthu. Ankasaka nyimbo. Lamulungu likubweralo mwanayo ankayenera kubatizidwa, ndipo mwamuna wake Kenani anali atakakamira kuti dzina likhale Tabitha.

Dzinali Sophia ankalidziwa bwino, ndipo linkamulowa ngati tsabola m'maso. Chisamukireni kuchokera ku Zomba, boma litabweretsa maofesi ku Capital Hill, Kenani ankaliimba m'mawa uliwonse akumeta ndevu m'nyumba yawo yatsopano ku Area 15. Nyimboyo inali ya Chitumbuka, chinenero chimene Sophia, mwana wa ku Mitundu, ankangotolamo moni yekha. Koma dzina la mkazi silifuna womasulira. Bamboyo akafika pa Tabitha mawu ankanjenjemera, kenako n'kumangong'ung'udza poti kwinako anakuiwala.

Atamupanikiza, Kenani anati ndi nyimbo yakale ya sitima imene inamira kumpoto kwa nyanja iye ali khanda, amayi ake ankamugoneka nayo, ndipo dzinalo amangolikonda basi. Kungolikonda. Mwamuna wamkulu, wovala tayi, misozi n'kulengeza chifukwa cha sitima imene sanaionepo? Bodza lina limafunika kuliphika kaye. Apongozi ake aakazi atabwera kudzaona mdzukulu, Sophia anawafunsa mwaulemu kuti Tabitha ndani. Mayiwo anangoti kukamwa yasa, kenako anatuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume. Pamenepo Sophia anatsimikiza kuti kumudzi kuli mkazi, ndipo banja lonse likumuona iyeyo ngati chitsiru.

Ndiye anayamba kuisaka yekha nyimboyo. Margret, mnansi wawo wa ku Karonga, anaiimba mpaka pakati, maimbidwe ake omwewo, koma dzina linali la mwamuna. Jobu, dalaivala wa basi ya ogwira ntchito m'boma, anaiimba ndi dzina linanso, n'kumumasulira kuti mawu ake akuti bwerera, ndikukulira padoko, tulo tandithawa. Za Tabitha onsewo anapukusa mutu. Apa nkhani inali poyera. Kenani anachita kulowetsa yekha dzina la wokondedwa wake m'nyimbo ya eni, ndipo tsopano ankafuna kulipachika pa mwana amene Sophia anamuvutikira, kuti azilitchula m'nyumba tsiku ndi tsiku popanda womufunsa.

Nsanje inamudya mkaziyo mpaka chitenje chinayamba kukhwefuka m'chiuno. Kenani akavala malaya oyera, iye ankaganiza za Tabitha. Akachedwa kutsika basi, Tabitha. Zovala zake ndi za mwana anali atazimanga kale n'kuzikankhira pansi pa bedi. Kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo anali atalumbira kuti akangopeza munthu mmodzi womudziwa mkaziyo, Lamulungu liwapeza ku Mitundu, Kenani akabatize mpando.

Jobu yemweyo ndi amene anamulozera kwa mayi Efelo, ogulitsa ufa wa kondowole kuseri kwa mashedi a nsomba. Anati mayiwo kwawo ndi kugombe komwe kunachitikira ngoziyo, ndipo nyimbo zakale sizivuta kwa iwo.

Sophia anawapeza akukangana ndi wogula pa nkhani ya mbale yoyezera, mayi ojintcha, a mawu omveka msika wonse. Sophia anadikira mpaka wogulayo atachoka. Sananene kuti iye ndani. Anangoti pali kanyimbo kamene anakamva m'basi ndipo kakumusowetsa mtendere, n'kukang'ung'udza mwamanyazi. Mayi Efelo anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ati Chitumbuka chotere chikhoza kumiza sitima ina. Kenako anasansa ufa m'manja, nakhala tsonga, n'kuyamba kuimba.

Anaiimba yonse, kuyambira pomwe mphepo inadzuka mpaka pomwe anthu a pagombe anasiya kudikira. Ogulitsa usipa oyandikana nawo analeka kuitanira malonda. Ndipo pakati penipeni, mosachita kufunsidwa, dzina lija linatuluka.

“Ndiye inu mukumudziwa Tabithayo?” anafunsa Sophia.

“Wa m'mudzi mwathu ameneyo. Tinkatunga madzi limodzi.”

“Ndi wokongola?”

“Kukongola kokha musanene, mwanawe. Amuna ankaiwala maukonde m'madzi.”

Sophia anafunsa ngati mkaziyo ali ndi mwana, ndipo atamva kuti alipo mmodzi, wamwamuna, m'maso mwake munada. Ndiye kuti iye ndi kamtsikana kake anali achiwiri pa zonse. Anatola dengu lake kuti azipita, mumtima akuwerengera kale za basi ya ku Mitundu, koma mayi Efelo anali asanamalize. Pakamwa pawo pakatseguka sipankatsekeka msanga, ndipo mlendo wa Chichewayu sanamuone ngati munthu woti angafikitse nkhani kulikonse. Anamukoka chitenje, n'kutsitsa mawu.

“Nyimbo imeneyi mudzi uliwonse umaikamo dzina la munthu wake amene anatsala m'madzi. Tabitha anakwera sitima ija atasiyira mng'ono wake khanda loyamwa, ndipo maliro atatha akuluakulu anamupereka mng'onoyo kwa mwamuna wa malemuyo kuti alere mwana. Mnyamatayo mpaka lero amati mng'ono wa Tabithayo ndiwo amayi ake omubereka. Ali konkuno ku Capital Hill, dzina lake Kenani, akuti anakwatira Mchewa mnzanu.”