Phazi la pa Kilatchi

Galimotoyo inali ya malemu mwamuna woyamba wa mkazi wanga, ndipo mkazi wangayo ankaipukuta m'mawa uliwonse ngati akusambitsa khanda. Ine sanandisitirepo ngakhale malaya amodzi.

Itayamba kulira kwambiri koma osathamanga, makaniko anainunkhiza n'kundiyang'ana.

"Kilatchi ikuterereka, bambo. Alipo amene amayendetsa phazi lili pa kilatchi."

"Si ine."

"Nanga ndani? Kaiyeseni pamtunda. Muike giya yachinayi, muponde mafuta. Injini ikakuwa liwiro osakwera, ndiye kuti yatheratu."

Ndinapita kunja kutangoda, nditaweruka kuntchito. Mkazi wanga anaumirira kukwera nawo, atavala diresi lomwe sindinalionepo.

Pamtunda paja ndinaika giya yachinayi n'kuponda. Injini inakuwa, galimoto ikungokwawa. Fungo la chopserera linadzaza m'katimo.

"Mwaonatu? Galimoto ya amuna anu ija yatha," ndinatero, mumtima ndikusekerera.

Ndinayatsa kagetsi ka kudenga n'kuyang'ana pansi. Phazi langa lamanzere linali patali, pakapeti. Koma chopondera cha kilatchi chinkatsika chokha, pang'onopang'ono, mpaka chinaima pakati.

"Mayi, mukuziona izi?"

Mkazi wanga ankayang'ana mbali yanga, koma osati ine. Anakonza tsitsi, n'kuseka kaseko kamanyazi komwe sanandisekerepo zaka zinayi zonsezi za banja lathu.

"Chotsani phazi, inunso," ananong'ona. "Mpaka liti ndizikuuzani?"

Chopondera chinakwera. Galimoto inalumpha, ndipo chiwongolero chinayamba kukhota m'manja mwanga, kulowera msewu womwe sindinkaudziwa.