Mswachi wa Mabatire

"BaMoven, onani vamene nakusungilani," anatero Judith. Mwamuna wakeyo anali atangofika kuchokera kundende, kumene anamutsekera atadandaula m'basi za mtengo wa ufa.

Unali mswachi wa mabatire umene abwana a Judith a ku Kabulonga anamusiyira pobwerera kwawo. Ngakhale njala itavuta kwawo ku Kanyama, Judith anakana kuugulitsa, poti Moven ankanyadira mano ake oyera.

Judith anauyatsa, ndipo unayamba kulira m'dzanja lake. Moven anangouyang'ana, pakamwa atatseka.

"Simunaukonde?"

Pofuna kuti mkazi wake asakhumudwe, Moven anayesa kumwetulira. Judith anaona nkhama zokhazokha.

"Kundende banayamba na kuzula yakutsogolo," anatero Moven, mawu akutuluka movutikira. "Zimitsani, mabatire yangathe."